Fayilo ya a Ndevu

4 Meyi

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji ndi chifuwa chija? Nanga alamu ndi ana? Ine kuno kumgodi ndili bwino, kungoti mtima suli m'malo.

Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni mumangotsokomola, komanso muno mu ofesi ya chitetezo khoma n'lathabwa, abwana amamva ngakhale ndikumeza malovu. Kalata ya dokotala wanu idafika sabata yatha. Akuti mapapo anu adzaza fumbi la miyala, ndipo mukufunika bedi kuchipatala cha mgodi, kuja kuli makina othandiza kupuma. Koma mukudziwa mmene zimakhalira kuno. Bedilo amapatsa munthu amene zatsimikizika kuti matenda ake adabwera ndi ntchito. Zikaoneka kuti mgodi udakupatsani zonse, udakuphunzitsani, inu n'kumachita zanu, bedi palibe. Pa 16 Juni kubwera woyendera migodi kudzaona mafayilo, ndipo nkhani yanu ikathera pa zimene akapeze m'menemo.

Mafayilowo ndimasunga ndine, pa ntchito ya ukalaliki imene mudandipezera ija. Aliyense wotsika pansi amayenera kukhala ndi mapepala atatu chaka chilichonse: la dokotala, la maphunziro a kavalidwe ka masiki, ndi loyeza ngati masikiyo ikumugwira bwino kumaso. Ndatsegula fayilo yanu. La dokotala lilimo. Awiri enawo alimonso, a zaka khumi ndi chimodzi zonse, ndipo siginecha yanu yokhota ngati mbedza ija ili pansi pa lililonse. Koma pamwamba pake m'poyera. Palibe tsiku, palibe dzina la woyeza, palibe kalikonse.

Ndiye mundiyankhe mosabisa. Kodi adakuvekanipo chithumba kumutu n'kukupoperani mankhwala owawa aja, kuti aone ngati mukuwamva palilime masiki ili kumaso? Kodi alipo amene adakuuzanipo kanthu za ndevu zanuzo? Paja mgodi wonse umakutchani a Ndevu, dzina lanu lenileni ndimangoliona pafayilo. Munditumizirenso chithunzi chanu cha ndevu, makamaka chija muli mu ovolosi, nyali ili pachipumi. Chifukwa chake ndidzafotokoza ulendo wina, adalaivala a lole amene akutenga kalatayi akuliza hutala panja.

Ndine mlongo wanu.


13 Meyi

Alamu,

Moni. Tili moyo, ngati kapumidwe ka achimwene anuwa tingakatche moyo. Kalata yanu ndidawawerengera ali chigonere, ndipo woyankha ndine, mkazi wawo, chifukwa iwo akagwira cholembera chifuwa chimawalanda.

Nditatha kuwerenga sindidamvetse za ndevuzo, ndiye ndidapita kwa bambo wa nyumba yachitatu uja amene adagwirapo ntchito yophulitsa miyala kumgodi wina. Adangogwira pakamwa. Akuti, "Mayi, umenewo ndi msampha. Masiki sigwira pandevu, fumbi limalowera m'mbali. Kampani ikangopeza chithunzicho inena kuti munthuyu adadzipha yekha."

Alamu, zoona inu? Munthu amene adakuberekani kumsana mvula ikugwa kuti musajombe kusukulu, amene adagwadira mabwana kuti mukhale pampando mwakhalapowo, lero mukumusonkhanitsira umboni womumana bedi? Mwadya za kampani mpaka mwaiwala kwanu. Mukadakhala munthu wapadera ndikadabwera komweko kudzakuuzani pamaso pa anthu, koma khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Chithunzi simuchiona. Ndatentha zonse, zisanu ndi ziwiri, ngakhale cha ukwati wathu chomwe. Poponya chimenecho pamoto ndidati bola kutaya chithunzi kusiyana ndi mwamuna. Ndipo ndawameta. Ndidawakhazika pampando pakhonde, sopo ndi lumo, iwo akuti, "Mayi, zaka makumi awiri ndili ndi ndevuzi, mukufuna ana andithawe?" Ndidati andithawe ndi ine ndemwe. Mwana wathu wotsiriza uja atabwera kusukulu adawapatsa moni wa mlendo, kenaka n'kuyamba kulira. Nkhope yawo yatha, alamu. Ndevu zija zinkabisa zambiri.

Za chithumba mwafunsazo akuti sadachionepo, ndipo za ndevu palibe adawauzapo. Ndakuuzani poti iwo andikakamiza kuti ndilembe. Akuti mlongo wawo sangawachite chipongwe. Ine ndati tiona.

Mlamu wanu.


19 Meyi

Alamu anga,

Ndalandira kalata yanu. Sindikukwiyirani. Cholakwa n'changa, ndidalemba mothamanga ngati wothawa njuchi. Tsopano mverani bwino, muwawerengerenso achimwene pang'onopang'ono.

Bambo wophulitsa miyalayo sadaname, masiki sigwiradi pandevu. Koma wouza munthu zimenezo ndi mgodi. N'chifukwa chake pali pepala la maphunziro. Ndipo munthu wa ndevu sangapambane poyeza masiki, woyeza amayenera kumubweza akamete. Achimwene adadutsa pageti zaka khumi ndi chimodzi ndevu zili pachifuwa, palibe adawabweza. Chithunzi chija chikadaonetsa kuti sadawaphunzitse ndipo sadawayeze. Chidali ndodo yathu, alamu, osati ya kampani.

Ndodoyo ndimaifuna chifukwa cha izi. Abwana athu a chitetezo timawatcha a Mawa, poti chilichonse kwa iwo ndi mawa. Koma mawa lawo lafika. Dzulo adaunjika mapepala oyera aja patebulo panga, a anthu makumi anayi, fayilo ya achimwene ili pamwamba.

"Mayi kalaliki, mudzaze awa woyendera asanafike. Si bodza ayi, n'kukonza chabe. Masiginecha alipo kale."

Ndidafunsa kuti masiku ake ndiwatenga kuti.

"Ndakulemberani pa kapepala aka. Muzisinthasintha zolembera, china chakuda china chabuluu, zisaoneke za tsiku limodzi. Pamene afunsa kuti wameta ndevu, muzichonga inde."

Ndidati, "Bwana, yapamwambayi ndi ya achimwene anga."

"Ndikudziwa. Dzanja la mlongo wake ndani angalikayikire?" Adatero akumwetulira, kenaka adayang'ana pawindo kumene kuli nyumba za kampani. "Nyumba mukukhala ija denga adakonza? Ana anu asamavutike."

Mwamva, alamu? Ndikadzaza mapepalawa, fayilo inena kuti achimwene adaphunzitsidwa, adameta, adayezedwa, kenaka adasunga ndevu mwadala. Bedi lapita. Ndikakana, ntchito yatha ndipo ine ndi ana awiriwa tili panja. Ndawauza kuti inki ya chidindo yauma, ndikudikira ina. Bodza limenelo lingandisunge sabata imodzi, osapitirira.

Funsani abale onse ngati pali amene ali ndi chithunzi, ngakhale cha pagulu. Ndipo achimwene andiuze chinthu chimodzi chimene chikundizunguza mutu: anthu makumi anayi adasaina bwanji mapepala opanda mawu, chaka ndi chaka? Ndiyankheni msanga, ndikuopa.

Mlamu wanu.


27 Meyi

Alamu,

Masabata awiri kuli zii. Lole yafika kawiri, koma ndi ina ndipo adalaivala ake ndi ena, akuti alibe kalata yathu. Ndiye kuti zimene ndidanena zidalasa penipeni, poti wosalakwa sasowa choyankha.

Sindikulemba kuti tikangane. Achimwene anu zafika poipa. Kuchoka pabedi kufika pakhomo amapuma katatu. Dzana milomo idachita kuda, tidawatengera kuchipatala chaching'ono chathu chino pa ngolo ya eni ake. Adokotala akuti pano alibe chowathandizira, akufunika makina aja mwezi uno usanathe kapena wamawa. Amagona chokhala, nditawatsamiritsa mapilo atatu ndi chikwama cha zovala.

Ngati mwadzaza kale zimene mabwana anu akufuna, ingondiuzani, ndileke kuyang'ana kumsewu.

Mlamu wanu.


2 Juni

Mlongo wanga,

Ndine, usadabwe ndi zilembo zokwera phiri. Kalatayi ndailemba masiku awiri, mzere umodzi kupuma, mzere wina kutsokomola. Uli bwanji ndi ana?

Kalata yako ya pa 19 yafika dzana. Lole idafera panjira, adalaivala adapita nayo kugalaja kalata ili m'thumba la jekete. Alamu ako atawerenga adalowa kuchipinda osatulukamo mpaka dzuwa kupendeka. Usawasungire mangawa. Adatentha ukwati wawo womwe pofuna kundipulumutsa. Chithunzi china tafunsa konse, palibe.

Wafunsa za masiginecha. Mlongo wanga, woyenda ndi mapepala aja ndidali ine. Paja ndidali kapitawo. Chaka chikayamba a Mawa ankandipatsa mulu m'mawa, anthu ali pamzere wa chikepe chotsikira pansi, belu latsala pang'ono kulira. Ankati, "A Ndevu, asaine apa, zinazo tidzalemba mawa. Tikawatengera kukalasi shifiti iwonongeka." Ine ndinkayenda pamzerewo pepala lili pachipewa changa cholimba chija, ndikuti sainani anyamata, musachedwetse chikepe. Ndinkayamba ndine kusaina kuti ena asaope. Wina adafunsapo kuti tikusainira chiyani, ndidamuseka kuti kodi wasanduka loya. Munthu ameneyo ukumudziwa, adakali pansi pomwepo mpaka lero, ndipo naye ali ndi ndevu, ankatengera ine. Zimenezi zikundipweteka kuposa chifuwa.

Za chithunzi, pita kwa alonda achikulire a pageti aja. Chaka chilichonse kampani inkatijambula n'kutipatsa chiphaso chatsopano, chakale tinkasiya kwa iwo. Sataya kanthu mkulu ameneyo, amaponya m'katoni pansi pa benchi. Ngati makoswe sadadye, ndilimo.

Koma tamvera mawu a mkulu wako. Ukaona kuti zavuta, dzaza mapepalawo. Mapapo angawa, bedi kapena popanda bedi, sabwereranso. Iwe uli ndi ana awiri ndipo bambo wawo kulibe. Sindidakupezere ntchito kuti udzaitaye chifukwa cha ine. Sindidzakuimba mlandu, ndipo alamu ako ndawauza kale.

Ndevu zayambanso kumera. Ndaletsa lumo m'nyumba muno.

Mchimwene wako.


17 Juni

Achimwene ndi alamu,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani achimwene akadali kulimbikira. Ndaipereka m'manja mwa adalaivala a ambulansi, muona chifukwa chake.

Achimwene, kalata yanu ndidaiwerenga katatu. Ndisaname, cholembera ndidachigwira. Ndidatsegula pepala lanu la chaka choyamba, kapepala ka masiku kali pambali. Koma pansi pa fayilo yanu padali ya bambo uja mudamuseka kuti ndi loya. M'mawa womwewo ndidamuona akupita kuchikepe, masiki ili pamwamba pa ndevu. Ndidabweza cholembera m'kabati. Kwa nthawi yoyamba sindidakumvereni, mundikhululukire.

Masana ndidapita kwa alonda. Nditafotokoza, akuti, "Mayi, izi ndi za kampani." Kenaka adakankha katoni ndi phazi n'kunena kuti akupita kukamwa madzi, ndiponso kuti iwo sadandione. Makoswe adadya ngodya zokha. Ndidapeza ziphaso zanu khumi ndi chimodzi.

Lachisanu a Mawa adafunsa ngati ndamaliza. Ndidati sindidzaza. Sadakalipe. Adangotambasula dzanja kuti ndiwapatse kiyi wa kabati, ndipo mapepalawo adadzaza okha.

Dzulo woyendera adafika, mayi wamfupi wa magalasi a chingwe, wosaseka. Adakhala pampando wanga n'kuitanitsa fayilo yanu. Yonse idali yodzaza bwinobwino, buluu ndi wakuda mosinthana.

"Amalemba ndani mapepalawa?"

"Kalaliki wathuyu," adatero a Mawa. "Ndi mlongo wake wa wodwalayo, ndiye mukhoza kuwakhulupirira."

Mayiyo adandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndidati, "Si dzanja langa limenelo, mayi. Sabata yatha mapepalawa adali oyera." Ndidatulutsa ziphaso m'chikwama n'kuziika patebulo.

Adaziyala chimodzichimodzi, chiphaso chilichonse pamwamba pa pepala la chaka chake. Pepala likuti wameta, inde. Chiphaso, chokhala ndi chidindo cha kampani yomweyo, chikuonetsa ndevu mpaka pabatani lachiwiri. Kakhumi ndi kamodzi.

"Bwana," adatero mayiyo, "munthu uyu amameta m'mawa n'kumeranso masana?"

A Mawa adayamba kupukuta magalasi awo ndi tayi. Mayiyo adati akufuna kuona chithumba choyezera masiki. Tidapita tonse kusitolo ya zipangizo, wosunga katundu adakwera pamakwerero n'kuchitsitsa pashelefu yapamwamba. Chidali chikadali m'pulasitiki yake yosatsegula, fumbi lili mbuu.

Mafayilo onse makumi anayi mayiyo wawatenga. Waimitsa chikepe mpaka aliyense ataphunzitsidwa ndi kuyezedwa. Pepala la bedi lanu wasaina ine ndikuona, ndipo ambulansi ikubwera kudzakutengani. Akuti adzakupezani kuchipatala kuti mumuuze ndi pakamwa panu za mzere wa chikepe uja. Mudzanene zonse, ndi zanu zomwe.

Ine akampani andipatsa kalata yoti ndikapume kunyumba kufikira atandiitana, ndipo nyumbayo ndituluke mwezi ukatha. Akuti ndidatenga katundu wa kampani pageti popanda chilolezo. Ana sindinawauze. Ndili ndi mantha, koma chakudya chayambanso kulowa.

Mlongo wanu.


24 Juni

Alamu anga okondedwa,

Ndikulemba ndili pabenchi ya chipatala cha mgodi. Ndidapita kunyumba kwanu kawiri, anansi akuti mukuyendayenda kufuna kokhala, ndiye kalatayi ndiisiya pansi pa chitseko.

Poyamba ndigwade. Safunsa adadya phula, ndipo ine ndidadya ndi chisa chomwe. Ndidakutukwanani inu mukutaya nyumba chifukwa cha ife. Mawu aja ndikadatha ndikadawameza.

Achimwene anu ali pabedi lachinayi kuchokera pakhomo, pafupi ndi windo. Adokotala sadatibisire. Akuti mapapo sachira, makinawa angowapatsa nthawi ndi kupuma kopanda ululu. Ndidafunsa kuti nthawi yochuluka bwanji, adati sadziwa. Koma dzulo agona chogona, alamu, koyamba chichokereni mwezi wa Malichi.

Mayi wa magalasi uja adabwera. Achimwene anu adafotokoza zonse, osadzisiyako, mpaka adatchula mayina a anthu amene adawasainitsa pachipewa. Atatha adalira. Zaka zonsezi ndidali ndisanawaonepo akulira.

Koma ndikuuzeni za tsiku lofika. Anamwino adabwera ndi masiki yothina ya makinawo, adaiyesa kumaso, mpweya n'kumathawira m'mbali kuti fyii. Adati, "Bambo, ndevuzi zichoke. Masiki sigwira pandevu."

Achimwene anu adayamba kuseka, kuseka mpaka chifuwa chidawagwira, anamwino kuchita mantha. Atapeza mpweya adati, "Zaka khumi ndi chimodzi pansi palibe adandiuza mawu amenewo. Inu ola limodzi silinakwane."

Ndidawameta ndine, ulendo uno atandipempha okha. Kenaka anamwino adabwera ndi pepala loti asaine kuti awafotokozera za makinawo. Adaloza ndi chala kuti sainani apa, bambo. Iwo adalandira cholembera koma sadasaine. Adayamba kuwerenga kuchokera pamwamba, chala chikuyenda pansi pa mawu, mzere umodzi kupuma, mzere wina kupuma. Anamwino adali ndi odwala ena koma adadikira. Atafika pansi adabweza pepalalo.

"Mwanawe, tsiku sunalembe. Lemba kaye."

Alamu, lekani kuyendayenda. Chipinda chapakati chija kumudzi ndachotsamo matumba, ndipo kiyi ali kwa mwana wathu wamkulu. Tengani ana mupite. Koma musananyamuke mudzere kuno, akukufunsani. Akuti mubwere ndi chiphaso chimodzi mwa zija ngati mayi uja angabweze, poti m'nyumba mwathu mulibenso chithunzi chawo.

Ndine mlamu wanu.